Zolembedwa za Kukhothi: Zimene Zili pa Intaneti ndi Zimene Nzika Iyenera Kukapempha

Mlandu uliwonse umene walowa m'bwalo la milandu la boma umasiya zolembedwa. Kalaliki wa khothi amautsegulira fayilo n'kuupatsa nambala ndi chaka, ndipo kuyambira tsiku limenelo chilichonse chochitika pa mlanduwo chimalowa m'menemo: chikalata cha mlandu umene munthu akuimbidwa kapena dandaulo la wosuma, masamoni, zimene mboni zanena, makalata operekedwa ngati umboni, zimene khothi lalamula pa nkhani ya belo kapena chiletso, masiku amene mlandu unaimitsidwa, ndipo pomaliza chigamulo. M'makhothi ambiri a majisitireti woweruza amalemba yekha pamanja zimene zikunenedwa, ndipo amalemba m'Chingerezi ngakhale mboni ikulankhula Chichewa, Chitonga kapena Chiyao kudzera mwa womasulira. Pamaso pa malamulo, zolembedwazo ndiye mlanduwo. Munthu akachita apilo, bwalo lalikulu nthawi zambiri siliitananso mboni kuti zidzayambirenso kufotokoza. Limawerenga fayilo, ndipo zimene sizinalembedwe silingazidziwe.

Ufulu woona zolembedwazi unakhazikika pa malamulo oyendetsera dziko a 1994. Gawo 37 limapatsa munthu aliyense ufulu wopeza uthenga umene boma kapena nthambi yake iliyonse ikusunga, malinga ngati uthengawo ukufunika kuti munthuyo agwiritse ntchito ufulu wake. Makhothi ndi imodzi mwa nthambi zitatu za boma, choncho sali kunja kwa gawoli. Gawo 41 limanena za ufulu wofikira mabwalo a milandu ndi kupeza chithandizo chogwira mtima, pamene gawo 42 limalamula kuti woimbidwa mlandu azengedwe poyera, m'chilankhulo chimene akumva kapena mothandizidwa ndi womasulira, ndiponso kuti akhale ndi mwayi wochita apilo. Ichi n'chifukwa chake aliyense, wachibale kapena wongodutsa, amaloledwa kulowa m'khothi n'kukhala pabenchi kumvetsera, kupatula pa milandu yochepa imene malamulo amalola kuti imvedwe mseri. Woweruza amene akudziwa kuti anthu akumuona, ndiponso kuti chigamulo chake chidzawerengedwa ndi ena, savutika kukumbukira lumbiro lake.

Kwa zaka zoposa 20 gawo 37 linalipo koma popanda lamulo lofotokoza njira yopemphera. Lamulo la Access to Information Act linavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu December 2016, Pulezidenti Peter Mutharika analisainira mu February 2017, koma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Lamuloli limafuna kuti bungwe lililonse la boma likhale ndi wogwira ntchito wolandira mapempho a uthenga, ndipo kuti wopempha ayankhidwe pasanathe masiku 15 ogwira ntchito. Ngati uthengawo ukufunika poteteza moyo kapena ufulu wa munthu, nthawiyo imafupika kufika pa maola 48. Amene satha kulemba angathe kupempha pakamwa. Bungwe loona za ufulu wachibadwidwe la Malawi Human Rights Commission ndilo linapatsidwa udindo woyang'anira kuti lamuloli likutsatidwa.

Kuti munthu adziwe kokafuna zolembedwa ayenera kudziwa kaye kumene mlandu wake unamvedwa. Mwachitsanzo, milandu yambiri ya m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota imayambira ndi kuthera m'makhothi a majisitireti, monga la paboma ndi la Nkhunga ku Dwangwa. Kumeneko ndiko kumapita nkhani za kubedwa kwa maukonde ndi injini za maboti, ndewu zapadoko, ngongole za pakati pa mwini chilimira ndi ogula usipa, kutha kwa maukwati a mwambo ndi chithandizo cha ana, komanso milandu ya opezeka ndi misampha kapena nyama m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Pamwamba pa makhothi amenewa pali bwalo lalikulu la High Court, limene likulu lake lili ku Blantyre ndipo lili ndi nthambi ku Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Popeza Nkhotakota ili m'chigawo chapakati, apilo yochokera kumeneko imapita ku Lilongwe. Pamwamba pa onse pali Supreme Court of Appeal. Nkhani za kuchotsedwa ntchito ndi malipiro, zimene sizisowa m'dera la minda ya mizimbe ngati Dwangwa, zili ndi bwalo lakelake la Industrial Relations Court.

Pa intaneti pali malo awiri oyambira. Oyamba ndi tsamba la MalawiLII, limene adiresi yake ndi malawilii.org. Tsambali ndi laulere, silifuna kulembetsa dzina, ndipo lili m'gulu limodzi ndi masamba ena a mu Africa ofalitsa malamulo kwaulere, monga SAFLII wa ku South Africa. Pamenepo pali malamulo a dziko lino, Gazette ya boma, ndi zigamulo za Supreme Court of Appeal, High Court ndi Industrial Relations Court, zoyalidwa potsata bwalo ndi chaka. Malo achiwiri ndi tsamba la nthambi ya makhothi, judiciary.mw, pamene pamaikidwa zidziwitso, zigamulo zina ndi mindandanda ya milandu yoti imvedwe m'mabwalo akuluakulu. Foni yamakono yokhala ndi bandulo yochepa imakwanira kutsegula masamba onsewa, chifukwa zambiri ndi zolemba chabe.

Pofufuza, chothandiza kwambiri ndi dzina la mlandu. Mlandu umatchedwa ndi maina a mbali ziwiri, pakati pake pali chilembo v, chimene chimaimira kuti uyu akutsutsana ndi uyu. Pa milandu yaupandu mbali imodzi ndi boma, limene limalembedwa kuti Republic kapena State. Amene sakudziwa dzina angalembe mawu a nkhaniyo m'Chingerezi, monga dzina la lamulo ndi nambala ya gawo lake, kapena dzina la dera. Kulemba Nkhotakota kapena Dwangwa m'kabokosi kofufuzira kumatulutsa zigamulo zimene maderawa anatchulidwamo. Chigamulo chikatseguka, pamwamba pamakhala bwalo, nambala ya mlandu, dzina la jaji ndi maloya. Kenako jaji amafotokoza zimene zinachitika, zimene mbali iliyonse inanena, malamulo ogwirizana ndi nkhaniyo, ndipo lamulo lenileni la khothi limabwera m'ndime zomalizira. Owerenga ambiri amasokonezeka pakatipa: amawerenga ndime imene jaji akungobwereza mfundo za loya wa mbali imodzi n'kuganiza kuti ndiwo maganizo a khothi. Chigamulo chiyenera kuwerengedwa mpaka pamene jaji wasainira.

Phindu la zigamulo zofalitsidwa limaoneka bwino pa mlandu wa Mayeso Gwanda, wogulitsa majumbo wa ku Blantyre amene apolisi anamugwira m'bandakucha mu 2015 akupita kumalonda ake, n'kumutsegulira mlandu wa vakabu. Mu January 2017 High Court inagamula kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, limene linkagwiritsidwa ntchito pomanga anthu mwa njira imeneyi, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Nkhaniyi inachitikira kutali ndi nyanja, koma imakhudza mayi aliyense amene amadzuka kusanache kukadikira asodzi padoko, ndi msodzi aliyense amene amabwerera kunyumba usiku atakocheza. Chigamulo cha bwalo lalikulu chimamanga makhothi onse a majisitireti m'dziko muno, ndipo munthu amene ali nacho m'manja, chosindikizidwa kapena pafoni, amalankhula ndi mphamvu yosiyana ndi amene wangomva mphekesera kuti lamulo linasintha. Chitsanzo china chimene ambiri akuchikumbukira ndi mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha 2019. Majaji asanu, Healey Potani, Ivy Kamanga, Redson Kapindu, Dingiswayo Madise ndi Michael Tembo, anapereka chigamulo chawo pa 3 February 2020, anthu akumvera pawailesi tsiku lonse, ndipo Supreme Court of Appeal inagwirizana nacho pa 8 May chaka chomwecho. Zigamulo zonse ziwiri aliyense angaziwerenge yekha kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza.

Komabe zimene zili pa intaneti ndi kagawo kakang'ono ka zolembedwa za makhothi. Zimene zimafalitsidwa ndi zigamulo, osati fayilo yonse. Umboni wa mboni, zikalata zolumbira ndi makalata a maloya sizipezekapo. Si zigamulo zonse za High Court zimene zimaikidwa, ndipo zina zimafika patapita nthawi. Chachikulu n'chakuti zigamulo za majisitireti, kumene kumathera milandu yochuluka ya anthu wamba, sizifalitsidwa kawirikawiri. Mlandu wa ku Nkhunga kapena wa paboma umaonekera pa intaneti makamaka ukakwera ku High Court, kaya mwa apilo kaya mwa njira imene malamulo anaika yoti chilango choposa mlingo wina, malinga ndi giredi ya majisitireti, chikaunikidwe ndi jaji. Milandu yotereyi imalembedwa kuti Confirmation Case, ndipo ndi yothandiza kwa amene akufuna kudziwa zilango zimene makhothi amaona kuti n'zoyenera pa mlandu wakuba, wothyola nyumba kapena wovulaza munthu. Motero kusapezeka kwa mlandu pa intaneti sikutanthauza kuti mlanduwo kunalibe, kapena kuti wina waubisa.

M'maiko ena anafika patali kuposa apa. Ku United States makhothi a boma lalikulu ali ndi njira yotchedwa PACER, imene inayamba mu 1988, ndipo munthu wolembetsa amatha kuona pa kompyuta mndandanda wa zonse zochitika pa mlandu pamodzi ndi zikalata zimene mbali zonse zapereka. Amalipiritsa masenti 10 pa tsamba, osapitirira madola 3 pa chikalata chimodzi, ndipo amene sanapitirire madola 30 pa miyezi itatu salipira. Ngakhale zili choncho, kwa zaka zambiri kwakhala madandaulo ndi milandu yotsutsa kuti anthu azilipira poona zolembedwa za makhothi awo. Malawi alibe makhothi a magulu awiri, a boma lalikulu ndi a zigawo, monga dzikolo, ndiponso alibe njira yotsegulira nzika fayilo yonse pa intaneti, koma zigamulo zimene zilipo n'zaulere. Mu 2024 nthambi ya makhothi, mothandizidwa ndi UNDP, inakhazikitsa njira yomvera milandu ina pa kanema polumikiza makhothi, ndende ndi polisi. Imeneyi imachepetsa maulendo a akaidi ndi mboni, koma si njira yowerengera mafayilo.

Kwa munthu wa ku Chia, ku Bua kapena ku Dwambazi amene akufuna zolembedwa za mlandu wake, njira ikadali yopita kuofesi yosunga mafayilo ya khothi limene linamva mlanduwo. Chinthu choyamba kunyamula ndi nambala ya mlandu ndi chaka chake. Nambalayi imalembedwa pamwamba pa samoni, pa pepala la belo ndi pa lisiti iliyonse ya khothi, ndipo pepala lotero ndi loyenera kusungidwa m'jumbo pamalo osafika chinyezi, kapena kujambulidwa pafoni tsiku lomwelo. Maina amafanana, a Banda ndi a Phiri ndi ambiri m'kaundula, koma nambala ya mlandu wa mtundu umodzi m'chaka chimodzi pa khothi limodzi sibwerezedwa. Pempho lolembedwa limaposa lapakamwa: kalata yaifupi yotchula nambala, maina a mbali ziwiri, chimene chikufunidwa ndi tsiku, yolembedwa kawiri kuti imodzi idindidwe n'kubwerera ndi mwini wake. Ngati zolembedwazo zikukagwiritsidwa ntchito kubanki, kwa DC, kuofesi ya za malo kapena kubwalo lina, pafunika kope lotsimikizidwa, lokhala ndi chidindo ndi siginecha ya khothi. Fotokope wamba kapena chithunzi cha pafoni sizilandiridwa kumalo otere.

Pamakhala ndalama yolipira pokopera ndi potsimikiza zikalata, ndipo ndalama iliyonse yolipidwa kukhothi iyenera kutuluka ndi lisiti ya boma. Ndalama yopanda lisiti, kaya itchedwe ya fanta kaya yofufuzira fayilo, ndi chiphuphu, ndipo wopereka ndi wolandira onse amalakwira lamulo la Corrupt Practices Act. Woimbidwa mlandu waupandu ali ndi mwayi wapadera: malamulo ozengera milandu yaupandu amati akapempha apatsidwe kope la chigamulo chake mosachedwa ndiponso kwaulere. Mfundo imeneyi ndi yofunika chifukwa nthawi ya apilo ndi yaifupi. Wofuna kuchita apilo pa chigamulo cha majisitireti pa mlandu waupandu ayenera kudziwitsa khothi molemba pasanathe masiku 10, ndipo zifukwa za apilo sizingalembedwe bwino popanda kuwerenga zimene woweruza ananena. Amene wachedwa angapemphe High Court kuti imulole, koma ayenera kupereka chifukwa chomveka. Mkaidi amapereka chidziwitsocho kudzera kwa oyang'anira ndende, ndipo achibale ake angathandize pokaonana ndi a Legal Aid Bureau, amene amaimira kwaulere anthu osatha kulipira loya, kapena alangizi a zamalamulo a bungwe la PASI amene amayendera ndende ndi polisi.

Akuluakulu amati mlandu suwola, koma pepala limawola, limadyedwa ndi chiswe, limasochera posamutsa. Kusowa kwa mafayilo ndi limodzi mwa mavuto odziwika m'makhothi a dziko lino, ndipo kuopsa kwake kunaonekera pambuyo pa mlandu wa Kafantayeni. Mu 2007 High Court inagamula kuti n'kulakwira malamulo oyendetsera dziko kupereka chilango cha imfa mokakamiza kwa aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha, popanda kumva zifukwa zochepetsera chilango. Pamene akaidi okhudzidwa anayamba kumvedwanso mu 2015, kunapezeka kuti mafayilo a ambiri mwa iwo anasowa onse kapena mbali yake, ndipo maloya ndi alangizi anachita kupita kumidzi kukafunsa anthu zimene zinachitika zaka zambiri m'mbuyomo. Munthu akhoza kukhala m'ndende zaka, apilo yake osamvedwa, chifukwa choti mapepala ake sakuoneka. Apa ndi pamene kusunga zolembedwa pa kompyuta kuli nkhani ya ufulu wa munthu, osati ya chitukuko chokha. Ndi chifukwanso chake munthu amene mlandu wake watha ayenera kutenga kope la chigamulo nthawi yomweyo, ngakhale asakuona pomwe lidzafunikire. Mkangano wa malo kapena chuma cha masiye umatha kudzukanso ana atakula.

Pali zolembedwa zimene sizitsegulidwa kwa aliyense, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limateteza mwana amene ali pa mlandu: mlandu wake sumvedwa pagulu, ndipo n'koletsedwa kufalitsa dzina lake, sukulu yake, chithunzi chake kapena chilichonse chomuzindikiritsa. Pa milandu yogwiririra khothi lingathe kutulutsa anthu kunja pamene wochitiridwa nkhanza akupereka umboni. Fayilo ya apolisi ya mlandu umene ukufufuzidwa si fayilo ya khothi, ndipo siperekedwa kwa aliyense wofuna. Lamulo lopezera uthenga nalo limalola kukana pempho ngati kuulula kungasokoneze kafukufuku kapena kuzenga mlandu mwachilungamo, kungaike moyo wa munthu pachiswe, kapena kungaulule zachinsinsi za munthu wina popanda chifukwa. Munthu amene sali mbali ya mlandu, monga mtolankhani, wofufuza kapena mnansi, amayenera kufotokoza chimene akufuna, ndipo woyang'anira khothi ndiye amaona ngati n'zololedwa. Gawo 21 la malamulo oyendetsera dziko limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo mu 2024 dziko lino linakhazikitsa lamulo la Data Protection Act loona za kasungidwe ndi kagwiritsidwe ntchito ka mbiri za anthu.

Ufulu wowerenga umabwera ndi udindo pofalitsa. Chikalata choimba munthu mlandu si chigamulo, ndipo woimbidwa mlandu amatengedwa kuti ndi wosalakwa mpaka khothi litamupeza wolakwa. Kutumiza chikalata chotero m'magulu a WhatsApp ndi mawu oti wakuba wagwidwa kungabweretse mlandu woipitsa mbiri, ndipo m'dera limene anthu amadziwana kuyambira kudoko mpaka kumsika kungautse chipolowe. Chigamulo nachonso chingakhale chitasinthidwa ndi bwalo lapamwamba, choncho ndi bwino kufufuza ngati panali apilo musanachidalire. Mapepala onamizira kuti ndi chiletso cha khothi amayendanso pa mafoni. Chenicheni chimakhala ndi nambala ya mlandu, chidindo ndi siginecha, ndipo kalaliki wa khothi lotchulidwapo angatsimikize ngati chinachokeradi kumeneko. Kujambula zithunzi kapena mawu m'khothi popanda chilolezo cha woweruza, ndi kufalitsa zimene khothi laletsa, ndi mlandu wonyoza khothi.

Chotchinga chachikulu chimene chatsala ndi chilankhulo. Zigamulo zimalembedwa m'Chingerezi cha maloya, ndipo munthu amene anamva mlandu wake wonse m'Chichewa amapatsidwa pepala limene sangaliwerenge. Netiweki ndi mtengo wa bandulo zimawonjezera vutoli m'midzi yotalikira msewu wa M5. Aphunzitsi, alangizi a zamalamulo ndi mawailesi a m'dera monga Nkhotakota Community Radio angathandize pofotokozera anthu zigamulo zikuluzikulu, koma udindo woyamba ndi wa boma. Zigamulo zimene zimasintha moyo wa anthu wamba, monga cha vakabu, zinayenera kukhala ndi chidule cha m'zilankhulo za m'dziko muno, ndipo zigamulo za majisitireti pa nkhani za malo, usodzi ndi nyama zakutchire zinayenera kufalitsidwa kuti anthu aone ngati milandu yofanana ikulandira chilango chofanana.

Milandu yoweruzidwa kwa mfumu, kaya kwa nyakwawa kaya kwa Malengachanzi, Kanyenda kapena Mwadzama, siilowa m'kaundula wa makhothi a boma ndipo siipezeka pa intaneti. Chimodzimodzinso zigamulo za makomiti a padoko pa nkhani ya maukonde oletsedwa ndi nyengo yotseka nyanja. Ndi nzeru kupempha kalata yodindidwa yofotokoza zimene zagamulidwa, tsiku ndi mboni zimene zinalipo, chifukwa nkhaniyo ikadzafika kukhothi kalatayo ndi imene idzasonyeze pamene inayambira.

Pempho la zolembedwa likakanidwa kapena likangokhala osayankhidwa, woyamba kumuona ndi majisitireti woyang'anira khothilo, ndipo pamwamba pake pali Chief Resident Magistrate wa chigawo chapakati ku Lilongwe ndi Registrar wa High Court. Ngati pempholo linaperekedwa motsata lamulo lopezera uthenga, wokana ayenera kulemba zifukwa zake, ndipo wopempha angapemphe kuti mkulu wa bungwelo aunikenso, kenako n'kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission, ndipo pomaliza kukhothi. Kuchedwetsa ntchito popanda chifukwa ndi kusowetsa mafayilo zingakaperekedwe kuofesi ya Ombudsman, imene imaona za kusayenda bwino kwa ntchito za boma koma siisintha chigamulo cha woweruza. Dandaulo lokhudza khalidwe la woweruza limapita ku Judicial Service Commission, pamene nkhani ya chiphuphu imapita ku Anti-Corruption Bureau. Kulikonse kumeneku wodandaula adzafunsidwa nambala ya mlandu, tsiku limene anapempha ndi kope la kalata yake yodindidwa.